Panic, fright, scare, alarm kapena terror: liwu liti pa mantha ogwa mwadzidzidzi?

Tiyerekeze kuti anthu asanu ali pamphasa akudya nsima, njoka n'kugwa kuchokera kudenga. Woyamba wangodumpha, mbamu ikadali m'manja. Wachiwiri wakuwa kuti "Mayo ine!", mtima uli phaphapha, koma pakutha mphindi ziwiri akuseka. Wachitatu wanyamula mwana n'kuyang'ana kudenga, akudzifunsa ngati kulinso ina. Wachinayi waponda m'mbale ya ndiwo, wafika pakhomo ndipo akukankha ndi mphamvu chitseko chomwe chimatsegukira mkati. Wachisanu wangouma gwa, mawu sakutuluka, nkhongono zazizira.

Tikamafotokoza mwachidule timati onsewa anachita mantha. Wolankhula Chingerezi anganene kuti woyamba anali startled, wachiwiri got a fright, wachitatu anali alarmed, wachinayi panicked, wachisanu anali terrified. Si kuti Chichewa n'chosauka pamenepa ayi. Tili ndi kudzidzimuka, kubalalika, kutekeseka, nthumanzi, tsemwe, chipwirikiti. Vuto limabwera chifukwa chakuti tikamaphunzira Chingerezi mawu onsewa timawaunjika pansi pa liwu limodzi lakuti mantha, ndiye posankha timangotola lomwe lafika msanga m'mutu. Kawirikawiri lomwe limafika msanga ndi panic, ndipo ndi lomwe limasokoneza kwambiri.

Panic: mantha olanda nzeru

Liwuli linachokera ku dzina la Pan, mulungu wa Agiriki akale wa abusa ndi nkhalango, yemwe ankamujambula ndi nyanga ndi miyendo ya mbuzi. Ankakhulupirira kuti iyeyu akakuwa kuthengo, nkhosa ndi mbuzi zimabalalika popanda chooneka chozithamangitsa, ndipo munthu woyenda yekha m'phiri amagwidwa mantha osadziwika gwero. Anthu a ku Athens ankatinso Pan anawathandiza pa nkhondo ya ku Marathon yolimbana ndi Aperezi m'chaka cha 490 Yesu asanabadwe, motero anamupatulira phanga m'munsi mwa Acropolis, phiri la mumzinda wawowo. Liwuli linadzera m'Chifalansa, panique, n'kulowa m'Chingerezi cha m'ma 1600. Poyamba linali mfotokozi, ankati "panic fear", kutanthauza mantha a Pan. Pambuyo pake fear anagwa, panic n'kuima payekha.

Mbiriyi ikuthandizani kukumbukira zinthu zitatu zomwe zili m'kati mwa liwuli mpaka lero. Manthawo amagwa mwadzidzidzi. Amayimitsa kuganiza. Ndipo amapatsirana ngati momwe mbuzi imodzi ikathawa khola lonse limatsatira. Chachiwiricho ndiye mwini nkhani. Musanalembe panic dzifunseni kuti: kodi munthuyu wachita chinthu chomwe sakanachita mutu uli m'malo? Wothira madzi m'poto ya mafuta oyaka, woponda mafuta m'malo mwa buleki, wophunzira yemwe waona funso loyamba la masamu n'kuiwala ngakhale zomwe amazidziwa bwino, onsewa ndi a panic. Woopa koma akuganiza bwinobwino si wa panic, ngakhale mantha ake atakula bwanji.

Kalembedwe kake kamagwetsa anthu ambiri, ndi ophunzira bwino omwe. Mneni wake ndi panic, he panics, koma mu nthawi yakale ndi panicked, ndipo zikamachitika ndi panicking. Mfotokozi wake ndi panicky. Chilembo cha k chimalowapo chifukwa m'Chingerezi c akatsatidwa ndi e, i kapena y amamveka ngati s, monga mu city kapena cent. Mukalemba "paniced" kapena "panicing" mwasintha kamvekedwe ka liwulo. Lamulo lomweli ndi lomwe limapereka trafficking kuchokera ku traffic, picnicked kuchokera ku picnic, mimicking kuchokera ku mimic. Potchula, mphamvu ili pa phatikizo loyamba: PA-nik.

M'chiganizo, panic amagwira ngati dzina kapena mneni, osati ngati mfotokozi wa munthu. "I was panic" n'kulakwa. Nenani "I panicked", kapena "I was in a panic", kapena "I felt panicky". Mperekezi wake ndi about kapena over: "Don't panic about the results." Mantha a gulu amalembedwa popanda a: "Panic spread through the market." Liwuli lingathenso kukhala ndi wochitiridwa, monga "The gunshot panicked the cattle", ndipo pali kaumbidwe kothandiza kakuti "panicked into", monga "They were panicked into selling their maize cheaply", kutanthauza kuti anaopsezedwa mpaka kugulitsa chimanga mopupuluma pamtengo wolira.

Pali msampha wina womwe ndi wathu wathu. Khutu la Mchewa likamva panic limamva kupanikizika. Mawuwa alibe ubale uliwonse: kupanikizika kumachokera ku kupana, ngati chala chopanidwa ndi chitseko, pomwe panic amachokera kwa Pan uja. Munthu wopanikizika ndi ntchito ali "under pressure" kapena "stressed", kapena wangotanganidwa, "very busy". Wosamalira okalamba ku Birmingham kapena ku Leeds akauza womuyang'anira kuti "I am panicking", pomwe akungotanthauza kuti ntchito yachuluka, womverayo amva kuti munthuyu wasokonezeka mutu ndipo mwina sangamusiyire odwala. N'zoona kuti a ku Britain pocheza amalipeputsa liwuli. Amati "There's no panic" potanthauza kuti palibe changu, kapena "It was a mad panic to catch the train". Koma zimenezo n'zapakamwa, pakati pa anthu odziwana. M'kalata ya kuntchito musayerekeze.

Pa nkhani za ndalama panic ali ndi mbiri yakeyake. Ku America mavuto akuluakulu a mabanki ankatchedwa ndi dzinali: Panic of 1873, Panic of 1893, Panic of 1907. Mu Okutobala 1907 anthu ku New York anakhamukira kukatapa ndalama zawo ku banki yotchedwa Knickerbocker Trust Company mpaka inatseka zitseko, ndipo zinatengera J. P. Morgan kusonkhanitsa eni mabanki anzake kuti moto uzime. Vuto limenelo ndi limodzi mwa zomwe zinachititsa kuti akhazikitse Federal Reserve, banki yaikulu ya dziko la America, mu 1913. Banki simasunga ndalama zonse za anthu m'bokosi, zambiri imakongoza, ndiye aliyense akafuna zake tsiku limodzi, ngakhale banki yabwinobwino imagwa. Mantha omwewo ndi omwe amabweretsa chomwe anthu amaopacho.

Panic buying, kugula mwaphuma poopa kuti katundu asowa, imayenda chimodzimodzi. Mu Malichi 2020, Covid-19 itayamba kufala, m'masitolo a ku Britain ndi Australia munatha mapepala a kuchimbudzi. Mu Seputembala 2021 ku Britain kunali mizere ya mafuta a galimoto, gwero lake kuchepa kwa madalaivala a mathanki, koma chomwe chinaumitsa mapampu ndi aliyense kufuna kudzadza tsiku lomwelo. Owerenga nyuzipepala za Chingerezi za kuno kwathu mawuwa amawadziwa bwino nthawi yomwe mafuta asowa, akuluakulu akamapempha anthu kuti asiye panic buying. Dziwani kuti mawuwa ali ndi chiweruzo m'kati mwake: akunena kuti ogulawo sakuganiza. Koma woyendetsa kabaza wa njinga yamoto yemwe wagona pamzere chifukwa sabata yatha anakhala masiku atatu osagwira ntchito waganiza bwino ndithu. Ngati simukufuna kumuweruza, lembani "stocking up" kapena "queuing for fuel".

Chiweruzo chomwechi chimapweteka kwambiri pa ngozi za chikhamu. Pa 15 Epulo 1989, pa bwalo la mpira la Hillsborough ku Sheffield, ochemerera a Liverpool anapanikizana mpaka kufa, ndipo onse omwe anamwalira chifukwa cha ngoziyo ndi 97. Kwa zaka zambiri mlandu unkakankhidwira kwa ochemerera omwewo, mpaka kafukufuku wa khoti yemwe anatha mu 2016 anapeza kuti iwo sanalakwe. Odziwa za chitetezo cha makamu amadana ndi kuthamangira mawu akuti panic kapena stampede (kuthamanga mopondana) pa ngozi zoterezi, chifukwa nthawi zambiri anthu sakhala akuthamanga n'komwe, amakhala athinana mwakuti chifuwa sichingathenso kukoka mpweya. Liwu lolondola pamenepo ndi crush. Mtolankhani wolemba kuti "the crowd panicked" asanafufuze wawaimba kale mlandu omwalirawo.

Panic attack ndi dzina la kuchipatala

Apa liwuli lili ndi malire okhwima. Panic attack ndi mantha aakulu ogwa mwadzidzidzi, ofika pachimake m'mphindi zochepa, nthawi zambiri popanda choopsa chooneka. Buku la madokotala a zamaganizo a ku America lotchedwa DSM-5, la mu 2013, limatchula zizindikiro 13 ndipo limafuna kuti zinayi kapena kuposerapo zioneke. Zina mwa izo ndi mtima kuthamanga, thukuta, kunjenjemera, kubanika, kupweteka pachifuwa, nseru, chizungulire, dzanzi m'manja, ndi kumva ngati ukufa kapena ukupenga. A NHS, bungwe la zipatala za boma ku Britain, amati kawirikawiri zimatenga mphindi 5 mpaka 20. Zikamabwerezabwereza, munthu n'kumakhala akuopa kuti zimugwiranso, matendawo amatchedwa panic disorder.

Mneni woyenda nawo ndi have: "She had a panic attack." Musawasokoneze ndi anxiety, yomwe ndi nkhawa yokhalitsa, yokwera pang'onopang'ono ngati madzi a m'chitsime. Ndipo poti kupweteka pachifuwa ndi kubanika zimafanana ndi za matenda a mtima, munthu yemwe zamuchitikira koyamba apite kuchipatala, asadzipatse yekha dzina la matenda. Namwino wolemba m'buku la wodwala alembe zomwe waona ndi maso, monga kupuma mofulumira ndi kunjenjemera, osati kuthamangira panic attack ngati kuti ndi njira ina yonenera kuti wodwala anachita mantha ndi jakisoni.

Fright ndi scare: abale apamimba, koma osiyana zovala

Fright ndi liwu lakale la Chingerezi chenicheni, lochokera kwa makolo awo a Anglo-Saxon. Ndi mantha akuthwa koma achidule, ndipo amakhala ndi choyambitsa chodziwika: galu watuluka pampanda, mwana watsala pang'ono kugwera m'ngalande. Munthu amabwerera msanga m'malo mwake. Mawu oyenda nawo ndi ochepa ndipo ndi bwino kungowaloweza: "You gave me a fright", "I got a fright", "the fright of my life". Pa ziweto, ndiponso pa ogulitsa ndi kugula masheya, amati "took fright". Stage fright ndi nthumanzi zogwira munthu akaima pamaso pa gulu, monga mwana wolakatula ndakatulo pa tsiku lotsekera sukulu. Fright ndi dzina lokha. Mneni wake ndi frighten, ndiye "It frighted me" musalembe, lembani "It frightened me".

Kwa ife, vuto la fright lili pa lilime. M'Chichewa r ndi l ndi liwu limodzi, timangolemba r pambuyo pa e ndi i, l kwina konse. M'Chingerezi ndi zilembo zolekanitsa matanthauzo. Fright ndi mantha, flight ndi ulendo wa pandege kapena kuthawa, freight ndi katundu wonyamulidwa pa sitima kapena thiraki, fight ndi ndewu. Potchula l, nsonga ya lilime imagunda kankhama kuseri kwa mano akumtunda. Potchula r, nsongayo imapindikira m'mwamba koma sigunda paliponse. Yeserani pang'onopang'ono "The flight gave me a fright" mpaka mawu awiriwo asiyane m'khutu mwanu. Zilembo za gh sizimveka konse. Mukamvanso za "fight or flight", ndi mawu ochokera ku ntchito ya Walter Cannon wa ku Harvard, yemwe cha m'ma 1915 anafotokoza momwe thupi limakonzekerera kumenya kapena kuthawa likaona choopsa. Pamenepo ndi flight ya l, ngakhale nkhani yake ndi ya mantha.

Scare anabwera ndi anthu a ku Scandinavia, ma Viking, omwe anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England. Pa tanthauzo, scared ndi frightened ndi amodzi. Amasiyana malo: scared ndi wa tsiku ndi tsiku, wa ana ndi akulu omwe, makamaka ku America, pomwe frightened amakhala bwino polemba. M'chimangirizo cha mayeso a MSCE kapena a Chingerezi otchedwa IELTS onse ndi ololedwa, koma scary amamveka wachibwana pang'ono poyerekeza ndi frightening.

Pomwe scare amaima payekha ndi akakhala dzina. "A scare" ndi mantha obwera ndi mphekesera kapena chenjezo, omwe nthawi zambiri pamapeto pake amapezeka kuti analibe maziko kapena choopsacho chinalambalala. Bomb scare ndi pamene anthu atulutsidwa m'nyumba chifukwa wina wati muli bomba. Health scare ndi pamene dokotala anakayikira chotupa koma zotsatira n'kubwera zabwino. Nkhani ya anamapopa ya mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, yomwe inaphetsa anthu angapo ongoganiziridwa ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwo kwa kanthawi, nyuzipepala zakunja zinkaitchula "vampire scare". Liwu la scare pamenepo linkanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti mantha anali enieni, ndi kuti wolembayo sakukhulupirira kuti opopa magaziwo analipo. Kuchokera ku liwu lomweli kuli scarecrow, chidole choopsezera mbalame m'munda, ndi scaremongering, kufalitsa nkhani zoopseza anthu mwadala.

Samalani ndi mawu anayi ofanana maonekedwe: scared ndi woopa, scarred wa r awiri ndi wa chipsera, sacred ndi chopatulika, scarce ndi chosowa. Kompyuta singakuwongolereni chifukwa onse ndi mawu enieni. Wolemba kuti "I am sacred of dogs" wadzipatula yekha popanda m'busa.

Kulakwa kwina kofala pa mawu onsewa ndi kusinthanitsa mathero. Mathero a ed ndi a wogwidwa mantha, a ing kapena y ndi a choopsacho. "I am frightened" ndikuopa, "I am frightening" ndine woopsa. "I am scared" ndikuopa, "I am scary" anthu amandithawa. Chichewa chimasiyanitsa chimodzimodzi pakati pa kuopa ndi kuopsa, ndiye ingofunsani kuti mwa awiriwa mukufuna uti.

Startle ndiye kudzidzimuka ndendende. Ndi za thupi, za kamphindi, ndipo sipafunika choopsa: chitseko chamenyeka ndi mphepo, mnzanu wakugwirani paphewa muli m'maganizo. "Sorry, did I startle you?" ndi zomwe munganene mukalowa m'chipinda mwakachetechete. Khanda likamva phokoso limatambasula manja n'kuwabwezanso ngati likukumbatira. Azachipatala amati Moro reflex, potengera dzina la dokotala wa ana Ernst Moro, kapena startle reflex, ndipo zimatha mwana akamafika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Ngati munthu anangodumpha basi, startled akukwana, osawonjezera.

Alarm: mantha a munthu woganiza

Ngati panic amalanda nzeru, alarm amazidzutsa. Gwero lake ndi mfuu ya asilikali a ku Italy yakuti all'arme, kutanthauza "ku zida!". N'chifukwa chake liwu lomwelo ndi la belu lochenjeza za moto, la alamu ya pafoni yokudzutsani m'mamawa, ndi la mantha a munthu yemwe wazindikira kuti pali choopsa ndipo pakufunika kuchitapo kanthu. Mphamvu ili pa phatikizo lachiwiri: a-LARM.

Ili ndiye liwu la malipoti, makalata a boma ndi nyuzipepala. "Doctors are alarmed by the rise in cholera cases" akusonyeza madokotala omwe aona ziwerengero ndipo akhudzidwa. Mukaika panicking pamalo pomwepo mwawanyoza, mwati asowa mtengo wogwira. Mawu ake ozolowereka ndi "raise the alarm", kukuwa kuti anthu adziwe, "false alarm", chenjezo lopanda kanthu, "at an alarming rate", pa liwiro lodetsa nkhawa, ndi "there is no cause for alarm", omwe akuluakulu amakonda pokhazika anthu mitima pansi. Munthu wokokomeza zoopsa amatchedwa alarmist. Mperekezi wa alarmed ndi at kapena by, osati of. Ndipo mukaona chikwangwani pa chitseko ku Britain chakuti "This door is alarmed", chitsekocho sichikuopa kanthu, angochimangirira belu lomwe lilire mukachitsegula.

Kufooka kwa alarm n'kwakuti ndi wozizira. M'nthano kapena m'chimangirizo chofotokoza usiku womwe madzi osefukira analowa m'nyumba, "I was alarmed" akumveka ngati munthu wowerenga kalata ya ngongole. Pamenepo pakufunika liwu lolemera.

Terror ndi anzake olemera

Terror ndiye pamwamba penipeni: mantha a munthu yemwe akuona imfa. Amasiyana ndi panic pa zomwe thupi limachita. Wa panic amayenda, amathamanga, amachita zolakwika. Wa terror nthawi zambiri amauma. Awiriwa angathe kukumana mwa munthu mmodzi, koma si chinthu chimodzi. Mfotokozi wake ndi terrified, ndipo poti ndi wodzadza kale, sayenda bwino ndi very. Amati "absolutely terrified". Petrified, yemwe gwero lake ndi liwu la Chigiriki la mwala, amanena kuuma komweko. Liwu la terror lilinso ndi mbali ya ndale, kuyambira pa Reign of Terror ya ku France ya mu 1793 mpaka 1794, pomwe anthu zikwizikwi anadulidwa mitu, ndipo terrorism anachokera kumeneko.

A m'banja lake anabalalika modabwitsa. Terrible lero amangotanthauza choipa kwambiri, monga "terrible handwriting". Terrific anatembenukiratu, amatanthauza chabwino zedi. Bwana akati "You did a terrific job" akukuyamikirani, musapepese. Koma horrific sanatembenuke, akadali choopsa chonyansa.

Horror amachokera ku mneni wa Chilatini wonena za tsitsi kuima, tsemwe lenileni. Ndi mantha osakanikirana ndi kunyansidwa, ndipo kawirikawiri amabwera poona zomwe zachitikira wina, osati poopa za iwe mwini. Wofika pa ngozi ya minibasi n'kuona ovulala ali horrified. Yemwe anali m'minibasimo ikugubuduzika anali terrified. Shock ndi kuchita kakasi ndi uthenga woipa wosayembekezeka, ndipo mwina mulibe mantha konse. Kuchipatala shock ndi chinthu chinanso, kuchepa koopsa kwa magazi ofika m'ziwalo, komwe kumapha. Dread sali m'gulu la zadzidzidzi: ndi kuopa chinthu chomwe ukudziwa kuti chikubwera, monga tsiku la mlandu.

Otsala ndi afraid ndi fear, omwe ndi a mantha wamba. Afraid sakhala kutsogolo kwa dzina: "an afraid child" n'kulakwa, nenani "a frightened child". Ndipo "I'm afraid" wa a ku Britain nthawi zambiri ndi pepani chabe: "I'm afraid the doctor has left" mulibe mantha. Pa fear, liwu lathu lakuti ndikuopa limatikoka kuti tinene "I am fearing", zomwe eni chiyankhulo sanena. Amati "I'm afraid of" kapena "I'm scared of", ndipo "I fear that" amasungira zolembalemba.

Pomwe kusankha kuli ndi mtengo

Pocheza, mukasinthanitsa scared ndi frightened palibe angakudzudzuleni. Pali malo ena pomwe liwu limodzi limasintha nkhani yonse. Taonani dalaivala wolemba sitetimenti ya ngozi kupolisi kapena ku inshuwalansi. "I was startled by a goat and braked hard" akunena kuti mbuzi inadumphira mumsewu ndipo iye anachita zomwe dalaivala aliyense akanachita. "I panicked and lost control" akuvomera kuti nzeru zinamuthawa. Lembani zomwe zinachitikadi, koma musadzipachike ndi liwu lomwe simunalimvetse, makamaka ngati wina ndi amene akukutanthauzirani kuchokera m'Chichewa. "Ndinadzidzimuka" asasanduke "I panicked" papepala lomwe musainire. Muuzeni akuwerengereni musanaike dzina.

Pofunsidwa ntchito, funso lakuti mumatani zinthu zikavuta limayankhidwa bwino ndi "I stay calm" kapena "I don't panic", ndipo apa panic ali pamalo pake enieni, chifukwa wolemba ntchito sakufuna munthu wosaopa, akufuna munthu yemwe mantha samulanda mutu.

Potanthauzira kuchokera m'Chingerezi kubwera kwathu, mantha yekha sakwana. "Don't panic" pa chikwangwani cha malangizo a moto si "musaope", pakuti moto ndi woopsadi ndipo wouopa ali bwino. Ndi "musabalalike" kapena "musatekeseke, tulukani mwadongosolo". "Panic broke out in the market" ndi "mumsika munabuka chipwirikiti". Panic buying ndi kugula mwaphuma poopa kuti katundu asowa. "You gave me a fright" ndi "mwandidzidzimutsatu", "no cause for alarm" ndi "mitima ikhale m'malo", ndipo "he was terrified" angakhale "anazizidwa nkhongono" kapena "anagwidwa nthumanzi", malinga ndi momwe nkhaniyo ikuyendera.

Kwa wolemba chimangirizo, mphamvu ili pokweza mawuwa motsatana m'malo mobwereza limodzi kasanu. Usiku wa akuba ungayende chonchi: "A noise at the window startled me. I was alarmed to see that the dog was lying still. When the door handle turned, my brother panicked and switched on every light in the house. I stood in the corridor, too terrified to shout." Mu ziganizo zinayi, phokoso ladzidzimutsa, galu wogona duu wadzutsa nzeru, mchimwene wayatsa magetsi onse n'kuonetsa akubawo pomwe aliyense ali, ndipo wofotokozayo watsala chiimire m'khonde la m'nyumba, kukamwa kuli gwa.